Agogo Sankakana, Ankapima

Ndikakumbukira agogo anga, imayamba ndi mphuno. Ndimamva fungo la tayala lopsa pamwamba pa thanthwe, utsi wakuda uja umene unkakanirira m'malaya ngakhale uchape ndi sopo wanji, ndiponso fumbi la miyala limene linkatiyeretsa tonse a m'komboni ya Kanyama mpaka m'nsidze. Kenako makutu amatsatira: hamala ikugunda mwala pakhomo pathu, ina ikuyankha kuseri kwa nyumba, ina cha uko kumpopi, kuyambira dzuwa lisanalume mpaka nkhuku zitayamba kuzungulira khola. Azimayi a mumzere wathu ankayatsa matayala akutha pathanthwe kuti ling'ambike, kenako n'kukhala pansi miyendo tambalale, kuphwanya zimiyala zija kuti zikhale timiyala tomangira nyumba, timene ankaunjika m'mbali mwa njira kudikira ogula. Agogo anali mmodzi wa iwo.

Anthu ankawatchula amake Lazaro, potengera mwana wawo woyamba, amalume anga. Ine ndinkakhala nawo chifukwa mayi anga ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa mabwana m'tauni, kumagona komweko. Agogo anali aafupi, a manja okhakhala, ndipo sankabisa mawu. Akafuna kukuuza kuti mbale sunatsuke bwino, ankakuuza mzere wonse ukumva. Ku Zambia kuno anabwera ali kumsana, makolo awo atachoka ku Dedza kudzasaka ntchito, ndipo chibwerere sanapondekonso kwawoko. Nyumba yathu ya zipinda ziwiri anamanga ndi malemu agogo aamuna, ndipo timiyala tonse ta m'maziko mwake anaphwanya okha. Ankakonda kumenya pansi ndi chidendene n'kunena kuti, “Iyi nyumba niiziba kufika pansi.”

Tsiku lina m'chilimwe, ine ndili ku pulayimale, kachibenthu ka mwala kanathetheka pansi pa hamala n'kulowa m'diso lawo lakumanzere. Sanakuwe. Anangoika hamala pansi n'kugwira kumaso ndi nsonga ya chitenje, magazi akutsetsereka mpaka m'chigongono. Anagonekedwa kuchipatala, ndipo atabwerako n'kumasula bandeji, diso lija linali litazima. Linatsala lotuwa, lopenya kumene iwo sakuyang'ana.

Ine ndinkaganiza kuti munthu wa diso limodzi amangoona theka la dziko, basi. Ayi ndithu. Chimene chinawathawa agogo ndi malo a zinthu. Kapu ankaiona bwinobwino, mtundu wake, ngakhale mng'alu wa pachogwirira, koma akati athiremo tiyi, tiyiyo ankagwera patebulo. Akati atole sopo ankagwira mphepo. Pakhomo panali kasitepe kamene anakwerapo zaka zonse, koma tsopano phazi linkafika msanga kapena mochedwa, thupi lonse n'kudzidzimuka. Tsiku loyamba kubwerera kumiyala, hamala inatera pachala chachikulu, chikhadabo n'kuda bii. Anayang'ana chalacho, kenako anandiitana dzina.

“Nelia, vinthu vonse vasamuka. Niviona vili apa, nikafika palibe.”

Mtima unandiwawa kwambiri tsiku limenelo, chifukwa ndinali ndisanawamvepo agogo akudandaula.

Koma kudandaula kwawo kunathera pomwepo. M'mawa wina ndinawapeza atakhala pakhomo akuyang'anitsitsa thadzi lathu likutola madeya.

“Iwe, yangana nkhuku iyo,” anatero. “Maso yake yali m'mbali, imodzi uku, imodzi uku. Kambeu iona na linso imodzi monga ine. Nanga bwanji siphonya?”

Ndinati kaya.

“Suziba ndaba suyangana. Ona mutu. Iyendesa mutu poyamba, ndiye ijompha.”

Anadzuka n'kuimika botolo pawindo, n'kuyamba kuyendetsa mutu uku ndi uku akuliyang'ana. Anapeza kuti mutu ukasuntha, chinthu chapafupi chimathamanga, chakutali chimangosendera pang'ono, ndipo pakusiyana kumeneko diso limodzi limatha kudziwa kutalika kwa chinthu. Sanandifotokozere motero ayi. Anangondikoka dzanja, kunditseka diso limodzi ndi chikhatho chawo chonunkha utsi, n'kundigwedeza mutu. Ndinaona botolo likuyendayenda kutsogolo kwa mtengo wa papaya umene unali panja, mtengowo utangoima.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalibenso chinthu chochitika mophweka. Madzi akumwa anasiya kuthira m'kapu, ankathira m'botolo la kukamwa kochepa, atakweza jagi m'mwamba mwadala, ndipo masiku oyamba pansi pankachita kudikha. Ankaponya timiyala m'chitini chimene ankachisuntha tsiku lililonse kuti diso lisaloweze malo. Ankalowetsa ulusi pasingano, kuusolola, kulowetsanso, popanda choti asoke, lilime atalumira pambali. Munthu akati awathandize ankamukalipira ngati wawabera. Kumiyala ndiye kunali ntchito yeniyeni, chifukwa mwala suphwanyidwa chiphwanyephwanye. Uli ndi mtsempha wake, ndipo ukaugoneka mopendekeka hamala imaterereka n'kukusaka chala. Agogo ankautembenuza, kupukusa mutu, kuugoneka bwino, kupukusanso, ndiye n'kumenya. Anzawo ankadzaza wilibala iwo asanadzaze ndowa, ndipo zala zawo zonse zinali zomanga nsanza. Koma pang'ono ndi pang'ono nsanza zija zinayamba kuchoka, chala china lero, china sabata inayo, mpaka kulira kwa hamala yawo kunabwerera mwakale. Ndikamachokera kusukulu ndinkaizindikira ndili patali, chifukwa sinkadodomanso.

Vuto linali lakuti kwathu kuno munthu akapukusa mutu ndiye kuti wakana, ndipo za nkhuku zija palibe ankazidziwa. Amayi a kutchalitchi atabwera kudzawazonda, ataimba n'kupemphera, mtsogoleri wawo, amayi Tembo, munthu waulemu wake, anathira munkoyo, thobwa la kuno lija, n'kuwapatsira ndi manja awiri. Agogo anayang'ana kapu ija n'kupukusa mutu kuti aone pamene ili asanatambasule dzanja. Amayi Tembo anabweza kapu pachifuwa, nkhope itagwa.

“Mwakana, amake Lazaro? Nanga talakwa chani?”

“Sinikana, nipima,” anatero agogo. “Bwelesani kapu.”

Kapu inabwera ndipo munkoyo anamwa, koma nkhani inatuluka pakhomo itasintha. Zinamveka kuti amake Lazaro chichokereni diso akukana chilichonse. Moni akukana, chakudya akukana, ngakhale abusa m'tchalitchi akuwapukusira mutu. Ana a mumzere anawapatsa dzina lakuti ba Sinifuna, ndipo ine ndinamenyana ndi mtsikana wina pampopi chifukwa cha dzinalo. Ndinamung'ambira diresi, ndipo mpaka lero sindidandaula. Agogo eni ake zinkawaseketsa. Kumsika akayang'ana mulu wa tomato n'kupukusa mutu kuti atole, wogulitsa ankafulumira kuwonjezera mbasela poganiza kuti kasitomala akuthawa, iwo n'kulandira osanena kanthu. Koma ena sankaseka. Ankanong'ona kuti mwala uja sunathere m'diso, unapitirira mpaka mu ubongo.

Kenako mvula inabwera. Amene sanakhaleko ku Kanyama mvula saidziwa. Pansi pathu ndi thanthwe, madzi alibe kolowera, ndiye amangokhala, obiriwira, onunkha zimbudzi zosefukira, achule akulira ngakhale masana. Njira zonse zimamira. Anthu amaponya zidutswa za mabuloko, miyala ndi matumba a mchenga m'madzimo, ndipo kuti ukafike kumsewu wa tala umayenda modumpha, kuchoka pa ichi kupita pa icho. Agogo anali ataphunzira kapu, singano ndi hamala, zinthu za pafupi ndi dzanja. Za phazi pamwamba pa madzi ong'anima anali asanaziphunzire. Tsiku lina akuchokera kumpopi, ndowa ili pamutu, anaponda pamene panalibe buloko. Anagwa chammbali, chitsulo china cha m'madzi n'kuwacheka katumba, ndipo anachita kuwanyamula anthu ogulitsa makala.

Amalume Lazaro anafika mawa lake kuchokera ku Matero, kumene ankakhala. Iwo ankagwira ntchito yokweza katundu kumafakitale, munthu wofatsa, wosachedwa kuda nkhawa, amene ankawakonda amayi ake mwa njira yake. Za ba Sinifuna anali atamva kale. Anakhala pampando, nsapato za mphira zikudontha, n'kuyang'ana bala lija nthawi yaitali.

“Amama, vakwana,” anatero. “Nakamba na abululu, abale bathu, ku Dedza. Muyende kumunzi mukapumule. Uko kulibe manzi monga aya, kuli banthu bokusungani. Nyumba tizaikamo munthu, Nelia azabwela kwanga.”

“Kumunzi kuti?”

“Kwanu, amama.”

“Kwathu ni kuno. Uko niziba ndani? Manda ya atate bako yali kuno.”

Potero agogo anafuna kutenga mankhwala patebulo, ndipo mwachizolowezi anapukusa mutu. Amalume anatembenukira kwa ine, misozi ili lengelenge.

“Waona? Ni vamene banthu bakamba. Na mutu siuli bwino.”

“Bapima chabe,” ndinatero ine.

“Iwe khala zii,” anatero, n'kuimirira. “Pa Chiwelu, Loweruka lino, nibwela. Munzanga ayenda kuboda na lole, azatinyamula.”

Ndinawada amalume tsiku limenelo. Pano ndikudziwa kuti anali mantha, ankaopa tsiku limene adzaitanidwe kudzavuula mtembo wa mayi wawo m'madzi a zimbudzi. Koma nthawi imeneyo ndinkangoona munthu wobwera kudzazula agogo anga m'nyumba yawo n'kukawasiya kwa anthu amene ankangowadziwa dzina. Agogo sanakangane nawonso. Amalume atangochoka, anamanga bala lija ndi nsalu yoyera n'kutulukira kuseri kwa nyumba, kumene madzi ankalekeza m'akakolo.

Anatola zidutswa za mabuloko n'kumaziponya m'madzi chiponyeponye kuti zigwe mmene zafunira, china chagona, china chapendekeka, china chamira theka. Kenako ankaima, kupukusa mutu, kuponda. Akafika kumapeto ankazivuula n'kuziponyanso mwatsopano. Nditafunsa kuti bwanji osangoziika bwinobwino, anati, “Nikaviika bwino, ni mendo yazaphunzila, osati linso.” Ankatero m'mawa dzuwa likuthwanima pamadzi, ankatero masana, ankateronso madzulo mithunzi itatalika, chifukwa anati madzi amanama mosiyanasiyana. Anagwa kangapo. Bala linatsegukanso, nsalu yoyera ija n'kufiira. Amayi a nyumba yoyandikana ankasuzumira pampanda n'kumapukusa mutu wawo, iwowo mwa tanthauzo lakale lija. Ndikati ndijombe kusukulu kuti ndiziwayang'anira, ankandipirikitsa ndi mthiko.

Lachisanu madzulo ndinalephera kupirira. Tikusenda nyemba pakhomo, mbaula ikufuka, ndinawafunsa ngati apitedi.

“Iwe uganiza bwanji?”

“Mubauze chabe kuti simufuna.”

“Nikakamba na pakamwa bazati ni matenda,” anatero, akuponya khoko m'lichero. “Lazaro samvela na matu. Amvela na maso.”

Loweruka amalume anabweradi. Lole inaima kumsewu wa tala chifukwa sikanatha kulowa, iwo n'kubwera wapansi. Anasonkhanitsa zovala za agogo, bulangete, Baibulo ndi mapoto, n'kumanga mtolo m'chitenje. Ine ndinaima pakona kudikira kuti agogo alusa liti. Sanaluse. Anasamba, anavala duku la kutchalitchi, n'kunena mofatsa kuti, “Tiye.” Ndinakwiya nawo ngakhale iwowo. Amalume atati anyamule mtolo, agogo anawalanda n'kuusenza okha. Atati awabereke kumsana, anawayang'ana ndi diso limodzi lija mpaka amalume anabweza manja. Hamala anaisomeka m'chiuno, m'mphindo ya chitenje.

Anatsogola ndi iwo, amalume pambuyo, ine kumapeto. Mzere wonse unatuluka, azimayi m'makomo, ana pamipanda, chifukwa aliyense anali atamva kuti amake Lazaro akupita kumudzi. Pa buloko loyamba anaima, kupukusa mutu, kuponda. Lotsatira chimodzimodzi. Mtolo pamutu unkangogwedera pang'ono osagwa. Ndinaona kuti kupukusa kuja kunali kutachepa, sikunalinso kwa nkhuku, kunali kwapang'ono ngati kwa munthu amene akumvetsera nyimbo yochokera patali. Pamalo pamene anagwera paja anadutsa osayang'anapo kawiri. Cha pakati, pamene madzi anali akuya, anaima nthawi yotalikirapo.

“Lazaro, iyi ya kusogolo yapendeka. Ponda kumanja, pakona.”

Kwa ine buloko lija linkaoneka logona bwinobwino, ndipo ndikukhulupirira kuti kwa amalume linali chimodzimodzi. Agogo anaponda pakona n'kudutsa. Amalume anaponda pomwepo, ndipo ndinaona bulokolo likugwedera pansi pa nsapato yawo, mbali yakumanzere ikumira. Akanaponda pakati akanasamba. Anangoyang'ana msana wa mayi awo.

Tinafika pa tala mapazi a agogo ali ouma. Dalaivala, bambo wonenepa wansangala, anatsegula chitseko n'kutambasula dzanja kuti awakweze. Agogo anayang'ana sitepe ya lole n'kupukusa mutu, kwambiri ndithu, uku ndi uku, mtolo ukutsatira.

“Pimani bwino, amama,” anatero amalume ndi mawu otsika. “Sitepe ni itali.”

Aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atuluke pakamwa pawo.

“Iyayi, mwana wanga,” anatero agogo. “Apa sinipima. Apa nikana.”

Amalume anatsegula pakamwa, koma agogo anali asanamalize.

“Nakupelekeza kufika pa motoka. Waona na maso yako yabili kuti niyenda neka. Manje yenda bwino, ine myala yanga inilindila.”

Anatembenuka n'kuyamba kubwerera, buloko ndi buloko, mtolo uli pamutu. Amayi ena pakhomo anayamba kuseka, kenako mzere wonse unaseka, ndipo sikunali kuseka kwa ba Sinifuna kuja. Ine ndinkafuna kudumpha mabuloko awiriawiri. Dalaivala anafunsa kuti, “Manje tiyenda olo bwanji?” Amalume anaima kanthawi chipewa chili m'manja, kenako anamuuza kuti apitirize ulendo wake. Anatitsatira pambuyo, akuponda pamene agogo apondapo. Titafika kunyumba anamasula okha mtolo uja n'kubwezera mapoto pamalo pake. Sabata yotsatira anabwera ndi wilibala, n'kukhala tsiku lonse akuthira zigumukire za mabuloko kuchokera pakhomo mpaka kumpopi. Agogo ankawauza pamene papendekeka.

Anakhala m'nyumba ija zaka zina zambiri. Dzina la ba Sinifuna silinachoke, koma tsopano ankaliyankha, ndipo ngakhale amayi Tembo akamapereka kapu ankayamba adikira kuti mutu umalize ntchito yake. Anamwalira momwemo, pabedi pawo, ine nditakwatiwa kale, ndipo ngati mwadala munali m'dzinja. Bokosi linayenera kudutsa pamabuloko kuti likafike kumsewu. Amalume, imvi zili mbuu, anali kutsogolo kwa onyamula. Pa buloko loyamba ndinawaona ataima, n'kupukusa mutu pang'ono, ndiye n'kuponda. Maliro onse ndinalimba mtima, koma pamenepo ndinalira.

Lero ndimasoka zovala kumsika wa ku Chilenje. Maso anga onse awiri ndi abwino, komabe ndisanadule chitenje cha munthu ndimachiyala n'kupukusa mutu kuti ndione ngati maluwa agona mowongoka, ndipo makasitomala atsopano amaganiza kuti nsalu yawo ndainyoza. Hamala ija ndili nayo, ndimapsinjira nsalu kuti isauluke. Chaka chatha, bambo a ana anga atamwalira, achibale awo anabwera kudzakhala pamipando yanga n'kundiuza mwaulemu kuti mzimayi yekha m'tauni sangakwanitse, kuti ndi bwino nyumba ndiwasiyire, ine ndibwerere kwathu. Ndinawamvetsera mpaka anamaliza, ndipo ndinangomva mutu wanga ukuyenda wokha, uku ndi uku. Mwana wanga wamkazi, amene nkhani ya agogo amaidziwa, anandikodola n'kunong'ona.

“Mami, mupima olo mukana?”

Ndinamuyankha mokweza kuti onse amve.

“Kupima nasiliza.”